Masabata Atatu ku Eskişehir

Kwatsala masabata atatu.
Chijekete chija ndinagula pa msika wa Lachiwiri,
tsiku limene chisanu chinayamba kundiluma makutu,
ndachipachika pa chitseko ndi kapepala: wofuna atenge.
Kwathu chingandiphike wamoyo.

Lero mu tiramu mayi wina wandifunsa njira ya kuchipatala.
Ndayankha osaganiza:
mutsike poima pachitatu, mukhotere kumanzere pa mzikiti.
Atatsika m'pamene ndadzimva
kuti lilime langa layenda lokha, lopanda ndodo.
Zaka zinayi lakhala likupunthwa pa mawu a eni dziko,
lasankha kuwongoka lero, tikiti ili kale m'thumba.

Bambo Cevdet, ophika buledi pakona,
anatopa nalo dzina langa sabata yoyamba.
Chiletso analidula pakati, kunatsala Chile,
ndipo chaka chinatha ndisanadziwe
kuti m'chinenero chawo liwu limenelo ndi mavuto.
"Mavuto wafika!" amakuwa m'mawa uliwonse,
n'kundiponyera kabuledi kabowo pakati, kowaza chitowe,
kotentha moti ndimavina nako m'manja.
Dzulo ndinawauza za ulendo.
Sanayankhe.
Anapukuta thebulo loyera kale,
kenako anakana ndalama yanga.

Ndaphunzira kumwa tiyi m'kagalasi kowonda m'chiuno,
kukagwira m'milomo kuti zala zisapse.
Ndaphunzira kuti kuno munthu akakana
amakweza nsidze n'kutsonya pang'ono,
zimene kwathu zikanandipezetsa khofi la amayi.
Sabata yatha ndinawatsonya pa foni.
Kunali zii mbali inayo.
Ndikamatsika ndege, khalidwe limeneli ndidzalisiya pa mpando uti?

Mchemwali wanga wabereka kawiri ine ndili kuno.
Anawo amandidziwa ngati nkhope yokhala m'galasi,
yozimazima netiweki ikavuta.
Wamkuluyo akuti anafunsa ngati ndili ndi miyendo.

Pa masitepe pali mphaka wa khutu long'ambika.
Sindinamupatse dzina,
ndinkati ndine wodutsa, wodutsa satchula ziweto.
Nyengo zachisanu zinayi wadya mitu ya nsomba zanga.
Usiku wapitawu anagona m'sutikesi yotsegula,
pamwamba pa satifiketi.

Mayi Nurten, eni nyumba, abwera ndi sikelo ya kubafa.
Makilogalamu makumi awiri ndi atatu, malamulo a ndege atero.
Ndikachotsa buku, iwo amalowetsa botolo la jamu.
Ndikachotsa nsapato, amalowetsa masokosi oluka okha.
Ndawauza kuti kwathu mwezi uno fumbi limaotcha mapazi.
Akuti mapazi sadziwa mwezi.
Takangana m'chinenero chawo mpaka tiyi wazizira,
ndipo ndagonja bwinobwino, ndi mawu oyenera,
monga amagonjera ana awo.

Mtsinje wa Porsuk ndauyeza zaka zonsezi,
m'mabotolo, m'machubu, pa masamba zana ndi khumi ndi awiri
amene aphunzitsi atatu asayina ndi inki yabuluu.
Ndikudziwa mchere wake, matope ake, liwiro lake m'mwezi uliwonse.
Koma madzulo ano ndaima pa mlatho wopanda botolo,
ndangouyang'ana ukupita
osatsanzika munthu.

Akuti m'mawa wa ulendo
Mayi Nurten adzaima pakhomo ndi jagi,
takisi ikamanyamuka adzathira madzi pamsewu kumbuyo kwanga,
kuti ndipite ngati madzi, ndibwerenso ngati madzi.
Ine amene ndalemba mayeso a madzi
ndikudziwa kuti otsika sabwerera kumtunda.
Sindinawauze.
Jagiyo aitsuka kale, ili pawindo,
ya pulasitiki, yobiriwira, yosweka pang'ono pa chogwirira.

Kiyi ndidzamusiya pansi pa mphika wa maluwa.
Khadi la tiramu likadali ndi maulendo asanu ndi awiri.
Ndaliika m'chikwama, kuseri kwa chithunzi cha amayi.